Mafunso ndi Mayankho: Kuchepa kwa Amayi m'Mipikisano ya Bowling

Kuno ku Joni, Amalawi ambiri amaidziwa bowling ngati masewera a ku mall, kumene kholo limapita ndi ana pa tsiku lokumbukira kubadwa, n'kubwereka nsapato pa kauntala, n'kugubuduza mpira kwa ola limodzi, kenako n'kubwerera kunyumba. Komatu ilipo bowling ina, ya ligi ndi zikho, imene anthu amaikonzekera ndi kuilipirira chaka chonse, ndipo kumeneko n'kumene amayi akhala akuchepa pang'onopang'ono. Ife amene timasewerako timafunsidwa mafunso omwewomwewo kutchalitchi, kumisonkhano ya chipereganyu ndi pa WhatsApp, choncho tawasonkhanitsa pano pamodzi ndi mayankho ake.

Kodi mukunena bowling iti, popeza ikuoneka kuti ilipo ya mitundu iwiri?

Mitundu ndi iwiridi, ndipo anthu amaisokoneza kawirikawiri. Woyamba ndi tenpin, wosewera m'nyumba, pamene munthu amagubuduza mpira wolemera wokhala ndi zibowo zitatu za zala pa leni yotalika mamita 18 ndi pang'ono, cholinga chili chogwetsa mapini khumi amene aima kumapeto kwake. Wachiwiri ndi bowls, wosewera panja pa kapinga wometedwa bwino, uja mumauona m'makalabu akale anthu atavala zoyera. Tenpin ya dziko lino imayang'aniridwa ndi Tenpin Bowling Association of South Africa, pamene ya pakapinga ili m'manja mwa Bowls South Africa. Amayi a ku South Africa achitapo bwino kwambiri pa kapinga, monga pa Commonwealth Games ya 2014 ku Glasgow, kumene anatenga mendulo za golide pa masewera a awiriawiri komanso a anayianayi. Pano tikunena za tenpin, ngakhale kuti ena mwa mavuto ake amakhudza mbali zonse ziwiri.

Kodi n'zoonadi kuti amayi akuchepa, kapena ndi madandaulo chabe a anthu okumbukira zakale?

N'zoona. Umboni womveka bwino uli ku United States, chifukwa kumeneko mabungwe akhala akulemba mayina a mamembala awo kwa zaka zoposa 100. Bungwe la amayi la Women's International Bowling Congress linakhazikitsidwa mu 1916 mumzinda wa St. Louis, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 linali ndi mamembala opitirira 4 miliyoni, amayi okhaokha. Mpikisano wake wa pachaka wa 1997, umene unachitikira ku Reno, unakoka matimu opitirira 14,000 a anthu asanuasanu, ndipo unkatenga miyezi kuti aliyense apeze mpata wosewera. Pofika mu 2005 bungweli linaphatikizana ndi la abambo komanso la achinyamata n'kukhala United States Bowling Congress, ndipo lero bungwe lophatikizalo, kuwerenga abambo, amayi ndi ana omwe, silifika ngakhale theka la mamembala amene amayi anali nawo paokha. Akatswiri odyera pa masewerawa anakhudzidwanso: bungwe lawo la Professional Women's Bowling Association, limene linayamba mu 1960, linaleka mipikisano mu 2003 chifukwa chosowa ndalama, ndipo linadzayambiranso mu 2015.

Kuno ku Joni sitifunikira kaundula wamkulu kuti tione zomwezo. Pepala lolembetsera mpikisano likapachikidwa, mbali ya abambo imadzaza mpaka ena kulemba m'mphepete, pamene mbali ya amayi imatha mizere ikadalipo yambiri, ndipo mayina amene alipowo ndi omwe tinawawerenga chaka chatha ndi dzana lomwe. Chodetsa nkhawa kwenikweni si kuchepa kwa mayinawo ayi, koma kusowa kwa dzina lachilendo pakati pawo.

Ndiye kuti amayi anasiya kuwakonda masewerawa?

Ayi, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amaphonya. Pitani ku malo aliwonse a bowling Loweruka masana, mudzapeza atsikana ndi amayi ali piringupiringu, nthawi zina ochuluka kuposa abambo. Chimene chafooka ndi ligi, ndiye kuti dongosolo lakuti anthu omwewo azikumana tsiku lomwelo la sabata, pa ola lomwelo, kwa miyezi yambiri yotsatizana, zigoli zawo zikulembedwa. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Robert Putnam anaona zimenezi kalekale m'buku lake la mu 2000 lotchedwa Bowling Alone, mmene anasonyeza kuti pakati pa 1980 ndi 1993 anthu osewera bowling ku United States anawonjezeka ndi 10 peresenti pamene osewera m'ligi anatsika ndi 40 peresenti.

Ligi ndiyo nazale ya mpikisano. Mayi sangodzuka n'kukalowa mpikisano wa chigawo. Amayamba wasewera m'ligi, n'kupeza avereji yovomerezeka (zigoli zimene amapeza pa gemu imodzi mwapakatikati), n'kuzolowera kusewera anthu akumuyang'ana, n'kupeza anzake atatu kapena anayi opanga nawo timu, amenenso adzagawane naye mtengo wa petulo ndi wa malo ogona. Nazale ikauma, munda umaoneka wobiriwira kwa kanthawi chifukwa cha mbewu zakale, koma chowokera chimakhala palibe.

Ndi bwino kukumbukiranso mmene amayi analowera ochuluka m'masewerawa poyamba. Makina oimika mapini okha atafala m'zaka za m'ma 1950, eni malo ku America anafuna anthu odzaza maleni m'mawa, pamene abambo anali kuntchito, choncho anakonza maligi a m'mawa a amayi apakhomo, ena mpaka kumanga zipinda zolererako ana m'malo momwemo. Amayi atayamba kulowa ntchito zolipidwa mwaunyinji, ligi ya m'mawa inatha mphamvu, ndipo ya usiku sinawalandire mofanana, chifukwa mayi woweruka kuntchito amapeza ntchito ina ikumudikira kunyumba.

N'chiyani chimene chimamulepheretsa mayi wa kuno ku Joni kukhala m'ligi?

Choyamba ndi nthawi, chachiwiri ndi ulendo wobwerera kunyumba, ndipo ziwirizi zimayendera limodzi. Maligi ambiri amasewera madzulo pakati pa sabata, ndipo magemu atatu a timu ya anthu anayi amatenga maola awiri kapena kupitirira, kotero kuti potuluka pamakhala patada kale. Kwa munthu wa galimoto yake imeneyi si nkhani. Kwa mayi wodalira takisi, amene amakhala ku Diepsloot, ku Cosmo City kapena ku Rosettenville, ndipo mwina ayenera kutsika m'tauni kuti akwere ina, funso silikhala la zigoli koma lakuti akafika bwanji pakhomo ali wamtendere. Matakisi amayamba kusowa usiku, mtengo wa Uber kapena Bolt sabata ndi sabata ungapose ndalama ya ligi yeniyeniyo, ndipo palibe amene angamuimbe mlandu mayi wokana kuyenda wapansi yekha mumdima mumzinda uno.

Tinali ndi mayi wina wochokera ku Mangochi amene ankagwira ntchito ya m'nyumba kumpoto kwa mzinda. Dzanja lake linali lokhazikika modabwitsa, ndipo ma spare (kugwetsa mapini otsala poponya kachiwiri) a pini ya pakona, amene ambiri a ife timawaphonya, iye ankawatola ngati akutola nthochi pamsika. Ankabwera atanyamula mpira wake m'chikwama cha kumsana, yunifolomu atailowetsa m'jumbo, n'kusinthira kuchimbudzi. Gemu yachitatu ikafika pakati, maso ake ankachoka pa mapini n'kupita pa wotchi, ndipo ma frame (zigawo za gemu) awiri omaliza ankawaponya mothamanga, nsapato imodzi atamasula kale zingwe. Anakhala nafe mpaka pamene abwana ake anasintha tsiku lake lopuma, ndipo kuyambira pamenepo mpira uja uli pansi pa bedi. Sanasiye chifukwa chotopa nawo masewerawa, ndipo akakumana nafe funso lake loyamba limakhala lakuti ndani akutsogola.

Palinso za pakhomo, zimene sitingazibise. Bambo akanena kuti Lachitatu lililonse amakasewera, anthu amati ali ndi chochita. Mayi akanena chomwecho, amafunsidwa kuti ana adya chiyani, ndipo pena uthenga umakafika mpaka kwa apongozi kumudzi.

Kodi masewerawa amadya ndalama zochuluka bwanji?

Kusewera kwa apo ndi apo sikudula kwenikweni, chifukwa mpira ndi nsapato mumabwereka pomwepo. Mpikisano ndi nkhani ina. Mipira ya pamalopo imabooledwa mwachisawawa kuti ikwane dzanja la aliyense, ndipo siikhota, choncho wopikisana amafunika wake, umene amakaubooletsa ku pro shop, shopu ya zipangizo za bowling, atamuyeza zala ndi chikhatho. Malamulo amalola mpira wolemera mpaka mapaundi 16, omwe ndi makilogalamu 7 ndi pang'ono, ngakhale kuti amayi ambiri amasankha wopepukirapo. Mpira wabwino wokhota umachokera kunja, mtengo wake umatsata dola, ndipo ungathe kuposa lendi ya mwezi ya chipinda cha kuseri kwa nyumba. Akatswiri sakhala ndi umodzi: pamakhala wokhota kwambiri, wokhota pang'ono, ndi wa pulasitiki woyenda molunjika wotolera ma spare. Onjezani nsapato, zimene phazi limodzi limatsetsereka pamene lina limagwira pansi, chikwama, ndalama ya umembala, ya ligi sabata iliyonse, yolowera mpikisano, komanso ulendo wa ku Durban kapena ku Cape Town ngati mpikisanowo uli kumeneko.

Tsono yerekezani zimenezi ndi malipiro. Ogwira ntchito za m'nyumba, amene ndi ambiri mwa amayi athu kuno, anafika pa mlingo wofanana ndi antchito ena pa malipiro otsikitsitsa a boma pa 1 Marichi 2022, pamene anali R23.19 pa ola. Pa ndalama yoteroyo pali lendi, chakudya, fizi ya ana ku Malawi ndi feteleza wa makolo nyengo ya dzinja ikayandikira. Mpira wa bowling uli kumapeto kwenikweni kwa mndandanda umenewo, ndipo n'koyenera kuti ukhale kumeneko.

Kodi kuchepa kwa olowa kumauwononga bwanji mpikisano weniweniwo?

Mphoto za mipikisano yambiri zimachokera pa ndalama zolowera, choncho olowa akachepa mphoto imachepanso. Mphoto ikachepa, mayi wa kutali amawerengera n'kuona kuti ngakhale atapambana sabweza za ulendo, ndiye amakhala. Iye akakhala, okonza amaona kuti magulu a amayi, amene anagawidwa potengera avereji kapena msinkhu, alibe anthu okwanira, n'kuwaphatikiza kukhala gulu limodzi. Pamenepo woyamba kumene wa avereji ya 120 amapezeka akupikisana ndi mayi amene anaimirapo dziko, amagonja momvetsa chisoni, ndipo chaka chamawa sabwera. Makampani othandiza nawo amayang'ana chiwerengero asanatulutse ndalama. Aliyense pa mzere umenewu wachita chinthu chanzeru kumbali yake, koma zotsatira zake ndi holo ya maleni ambiri mmene mukusewera amayi okwana pa maleni anayi.

Bwanji osangowasakaniza amayi ndi abambo, nkhani n'kutha?

Funsoli lili ndi maziko, chifukwa bowling ndi amodzi mwa masewera ochepa mmene mayi angagonjetse bambo pa mlingo wapamwamba kwambiri. Mu Januwale 2010, Kelly Kulick anapambana mpikisano wa Tournament of Champions ku Las Vegas pogonjetsa Chris Barnes ndi zigoli 265 kwa 195, ndipo anakhala mayi woyamba kutenga chikho chachikulu cha bungwe la akatswiri la Professional Bowlers Association. Liz Johnson anakhala mayi wachiwiri kupambana mpikisano wa bungwe lomweli mu 2017. Maligi ambiri kuno ndi osakaniza kale, ndipo amayenda bwino.

Maganizo athu ndi akuti kusakaniza n'kwabwino ngati kwabwera powonjezera mwayi, koma n'koopsa ngati kwabwera pofuna kubisa kuti gulu la amayi lafa. Kulick ndi Johnson anakulira m'mipikisano ya amayi asanakalimbane ndi abambo. Mukachotsa gulu la amayi, awiri kapena atatu apamwamba adzapitiriza, koma apakatikati, amene ndiwo amadzaza holo ndi kulipira zolowera, sadzaonanso chifukwa chobwerera, ndipo mtsikana wobwera kudzaonerera sadzapeza munthu wofanana naye atanyamula chikho.

Kodi South Africa inayamba yakhalapo ndi dzina pa bowling ya amayi?

Inde. Mpikisano wa Bowling World Cup, umene unayamba kulandira amayi mu 1972, unachitikira muno mu Johannesburg kawiri, mu 1993 ndi mu 2011. Mu 1994, ku Hermosillo m'dziko la Mexico, chikho cha amayi anachitenga Anne Jacobs wa ku South Africa. Mu 2011 masewerawo anachitikira ku Northcliff Bowl, ndipo kumbali ya amayi anapambana Aumi Guerra wa ku Dominican Republic, pamene kwa abambo anapambana Jason Belmonte wa ku Australia, uja woponya ndi manja awiri. Achinyamata ambiri amene amasewera Loweruka sadziwa kuti akatswiri a dziko lonse anasonkhanapo mumzinda womwe uno.

Nanga eni malo a bowling alibe mbali pa vutoli?

Mbali ali nayo, ngakhale kuti sitingawatenge ngati adani. Malo ambiri masiku ano ali m'ma mall ndi m'malo achisangalalo, kumene lendi ndi yokwera, ndipo phwando la ana kapena la kampani limalowetsa ndalama zambiri pa ola kuposa ligi imene imafuna mtengo wotsitsidwa, magetsi owala bwino, nyimbo zotsika ndi leni yopakidwa mafuta mwadongosolo. Nkhani ya mafutayi ndi yaikulu kuposa mmene oonerera amaganizira. Pa tsiku wamba mafuta amaikidwa ochuluka pakati ndi ochepa m'mbali, zimene zimaubweza mpira wosokera kuti ukagunde pabwino, pamene pa mpikisano weniweni amayalidwa mofanana kwambiri ndipo kulakwitsa pang'ono kumaonekera. Mayi amene sanapezepo mpata woyeserera pa mafuta a mpikisano amakadabwa avereji yake itagwa, n'kuganiza kuti alibe luso. Malo ena anaikanso makina oimika mapini ndi zingwe, otsika mtengo powasamalira, amene bungwe la United States Bowling Congress linawavomereza pa mipikisano mu 2023, koma osewera akale akadali kukangana ngati mapini ake amagwa mofanana.

Pamwamba pa izi panabwera Covid-19. Dziko litatsekedwa pa 27 Marichi 2020, maligi anaima, ndipo chizolowezi cha sabata ndi sabata chikaduka sichilumikizika chokha. Amayi achikulire ambiri, amene ndiwo anali alembi ndi osunga chuma a maligi, sanabwererenso. Kenako kuzimazima kwa magetsi, kumene kunafika poipa mu 2023, kunkadula gemu pakati, popeza makina a mapini, obweza mpira ndi owerengera zigoli onse amadalira magetsi.

Kodi kulibe kumene zinthu zikuyenda bwino?

Kulipo, ndipo n'kumene wina anavomera kulipira maziko. Ku United States bowling ya atsikana inakula m'mayunivesite kuyambira pamene bungwe loyendetsa masewera a m'mayunivesite la NCAA linayambitsa mpikisano wake mu 2004, umene yunivesite ya Nebraska inapambana koyamba, chifukwa mtsikana waluso angapeze thandizo la fizi kudzera m'masewerawa. Ku Malaysia, Singapore ndi South Korea osewera a timu ya dziko amathandizidwa mokwanira, ndipo mayina ngati Shalin Zulkifli wa ku Malaysia amadziwika ngati mmene ife timadziwira osewera mpira. Chimene chimabweza m'mbuyo maiko ambiri n'chakuti bowling siili pa Olympics: inaonetsedwa chabe ku Seoul mu 1988, ndipo inalephera kulowa pa masewera a Tokyo 2020. Maboma osauka amaika ndalama kumene kuli mendulo za Olympics.

Ife Amalawi tili ndi netball ndi mpira wa miyendo. Tivutikirenji ndi masewera a eni ake?

Palibe amene akunena kuti tisiye kunyadira ma Queens, Mwawi Kumwenda, kapena Tabitha ndi Temwa Chawinga. Koma masewera amenewo amafuna mawondo a mtsikana, ndipo mayi wa zaka 45 amene wakhala akukolopa ndi kusita tsiku lonse sangathamange pabwalo. Bowling amasewera mayi ndi mwana wake wamkazi m'timu imodzi, mvula kaya dzuwa, ngakhale m'nyengo yozizira ya Juni imene kuno imalowa mpaka m'mafupa. Ndiponso mawu akuti masewera a eni ake tiziwanena mosamala, chifukwa netball nayo inachita kubwera.

Kodi woyamba kumene angapikisane bwanji ndi anthu amene asewera zaka zambiri?

Maligi ambiri amagwiritsa ntchito handicap, imene ndi zigoli zowonjezera zopatsidwa kwa wosewera wa avereji yotsika. Gemu imakhala ndi ma frame khumi, ndipo zigoli zapamwamba kwambiri ndi 300, zimene zimafuna ma strike (kugwetsa mapini onse khumi poponya kamodzi) 12 otsatizana. Tiyerekeze kuti ligi yaika malire pa 200 ndipo imapereka 80 peresenti ya kusiyana kwake. Mayi wa avereji ya 130 amasiyana ndi malirewo ndi 70, choncho amalandira 56 pa gemu iliyonse. Akagoletsa 145 amalembedwa 201, ndipo wagonjetsa katswiri wa avereji ya 200 amene tsikulo wagoletsa 195. Ligi iliyonse imaika malire ndi peresenti yake. Mipikisano yopanda handicap imatchedwa scratch, ndipo kumeneko musathamangireko. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Kodi munthu amene si nzika ya South Africa amaloledwa?

Kuimira dziko pa mipikisano ya maiko kumafuna unzika, koma ligi ya pamalo ndi nkhani ya umembala ndi kulipira. Mipikisano ya chigawo ndi ya dziko ili ndi malamulo akeake, choncho funsani mlembi wa ligi musanalipire ndalama yolowera.

Ndikufuna kuyesa. Ndiyambire pati?

Musayambe ndi kugula mpira. Pitani ku malo a bowling amene ali pafupi ndi kwanu kapena ndi kuntchito kwanu, mufunse pa kauntala ngati pali ligi, tsiku limene imasewera, ndi dzina la mlembi wake. Pemphani kuti akulembeni ngati wolowa m'malo, chifukwa matimu amasowa munthu pafupifupi sabata iliyonse, ndipo mwa njira imeneyi mudzapeza avereji popanda kudzimangirira miyezi yambiri. Ngati ligi ya madzulo siikutheka, pezani amayi anzanu atatu, makamaka ngati mmodzi ali ndi galimoto, mupemphe mtengo wa gulu Lamlungu masana mukaweruka kutchalitchi, ndipo muzilemba zigoli zanu m'kope sabata iliyonse kuti mukadzapita kwa mlembi mudzakhale ndi choonetsa. Za mpira wanuwanu mudzaganize pakatha miyezi ingapo, ndipo muyambe mwafunsa ku pro shop ngati ali ndi wakale umene angautseke zibowo n'kuubooleranso dzanja lanu, chifukwa umatsika mtengo kwambiri. Ena mwa ife tinagula yathu kudzera m'chipereganyu, mmodzi mwezi uno, wina mwezi wamawa. Pa tsiku loyambalo mutenge masokosi, popeza nsapato zobwereka sazivala popanda masokosi, ndipo muwenge zikhadabo za dzanja loponyera.